Yankho kwa mphwanga amene walembedwa ntchito yoyendetsa ndege

Makalata ambiri amene amabwera kuno ndimawayankha ndi mizere iwiri kapena itatu. Iyi yokha yandikanika. Mnyamata wina wa kwathu konkuno walembedwa ntchito ya first officer, wachiwiri kwa kaputeni, pa ndege ya Boeing 737-800, ayamba maphunziro mwezi wamawa, ndipo mnzake wamutumizira kale mabuku a ndegeyo pafoni. Akufunsa kuti ayambe kuloweza chiyani. Kumapeto kwa kalatayo walemba kuti: "A Kaputeni, sindikufuna kukafunsa mafunso achibwana pamaso pa akuluakulu. Ndikufuna ndikafike ndikudziwa kale."

Mphwanga, mzere umenewo ndi umene wandikhazika pansi. Za mabuku tifikako.

Choyamba ndikuyamikire, ndipo ndikunena kuchokera pansi pa mtima. Njira imene wadutsa ndikuidziwa ngakhale sunaifotokoze. Kwathu kuno mwana akafuna laisensi ya CPL, yoyendetsa ndege ngati ntchito yolipidwa, nthawi zambiri amapita ku South Africa kapena ku Kenya, ndipo kumbuyo kwake kumakhala munda wogulitsidwa, penshoni ya bambo yodyedweratu, kapena ngongole ya amalume. Amabwerako ndi maola 200 ndi pang'ono m'logbook, n'kupeza kuti mipando ndi yowerengeka. Air Malawi inatsekedwa mu 2013, ndipo kampani imene inalowa m'malo mwake inayamba kuuluka mu 2014 ndi ndege zochepa. Ena amakaphunzitsa anzawo pa Cessna, ena amakanyamula alendo okaona nyama ku Botswana ndi ku Zambia, ena amangokhala pakhomo, medical (chiphaso cha dokotala) n'kutha, laisensi n'kugona m'sutikesi. Ndiye munthu akaitanidwa patatha zaka, amanyamuka atasenza chiyembekezo cha banja lonse. Amaona ngati funso limodzi lolakwika lingamubweze kumene wachokera. Mantha amenewo ndi amene ndawawerenga m'kalata yako, ndipo ndinawaonapo akuwononga munthu ine ndili pomwepo.

Type rating yanga yoyamba, maphunziro oyendetsa mtundu umodzi wa ndege, ndinakachitira kunja, m'dziko lozizira, nyengo imene dzuwa limalowa anthu asanaweruke. Kampani sindiitchula, sukuluyo sindiitchulanso. Masabata oyamba anali a ground school: m'mawa kalasi, masana pakompyuta kuphunzira ziwalo za ndege chimodzichimodzi, magetsi, hydraulics, mafuta, mpweya wa m'kati, zozimitsira moto. Madzulo tinkabwerera ku hotela n'kumwa tiyi ndi buledi, chifukwa alawansi tinkaisungira a kunyumba. Anatigawa awiriawiri, ndipo ine anandipatsa mnyamata wa dziko lina la muno mu Africa, wofatsa, wolankhula pang'ono, waulemu kwambiri. Mutu wa munthu ameneyo sindinauonenso kwina. Ukamufunsa kuti pampu yakuti ikafa chimasiya kugwira ntchito n'chiyani, ankakuyankha mpaka nambala ya tsamba. Mayeso olemba anatiposa tonse. Usiku ndinkamumva kuseri kwa khoma akubwereza memory items, zoyenera kuchita pamtima ndege ikapeza vuto, mpaka ine kugona, iye akadali pomwepo.

Kenako tinalowa mu simuleta. Kwa inu owerenga amene simunaionepo, ndi chibokosi chachikulu choima pa miyendo isanu ndi umodzi yachitsulo. M'kati mwake muli chipinda cha oyendetsa chenicheni, batani lililonse lili pamalo pake, pawindo pakuoneka bwalo la ndege, ndipo chimagwedezeka ndi kupendekeka moti thupi limakhulupirira kuti lili m'mwamba. Makina amenewa ndi odula ndipo sapuma usana ndi usiku, choncho ife atsopano ankatipatsa nthawi imene akuluakulu aikana, 2 koloko usiku, 4 koloko m'bandakucha. Gawo limodzi ndi maola 4: awiri iwe ukuyendetsa mnzako akuyang'anira ndi kulankhula pawailesi, awiri enawo musinthane. Mphunzitsi amakhala kumbuyo ndi sikirini yake, n'kumakupherani injini, kukuyatsirani moto, kukutsitsirani chifunga mpaka pansi.

Mphunzitsi amene tinayamba naye anali wokalipa. Ukafunsa funso ankayamba wausa moyo, n'kuyang'ana kudenga, kenako n'kukufunsa kuti kodi kwanuko anakuphunzitsani chiyani. Zinkandibaya, ndipo masiku ena ndinkabwerera ku hotela chakudya osachifuna. Ndinkafunsabe, mtima ukuwawa, chifukwa kumbuyo kwanga kunalibe kobwerera. Mnzanga uja anangosiya. Akafunsidwa ngati wamva, ankati "yes sir", kenako usiku n'kukasakasaka yekha m'mabuku chinthu chimene mphunzitsi akanachifotokoza m'mphindi imodzi.

Tsiku lina anatisinthira mphunzitsi. Anabwera bambo wachikulire, wolankhula motsitsa mawu. Anakonzeratu makina, n'kukhala yekha pampando wa kumanzere, wa kaputeni, mnzangayo kumanja, ine kumbuyo kuonerera. Titangonyamuka belu la moto linalira, injini nambala 1. Pa ndege ya injini ziwiri pali mwambo umene sulumphidwa: musanazimitse injini, wina amagwira chogwirira, wina amayang'ana n'kuvomereza ndi pakamwa kuti n'chomwecho. Bambo aja mwadala anagwira cha nambala 2, injini yabwinobwino, n'kunena kuti "confirm". Ine kumbuyoko ndinaona maso a mnzanga akupita pa nyali yofiira, n'kubwera padzanja la bambowo, n'kubwereranso pa nyali. Anaona ndithu. Ndipo anavomera.

Bambo aja anaimitsa simuleta, n'kuyatsa magetsi, n'kumufunsa modekha kuti, mwana wanga, unaona kuti ndagwira yolakwika? Iye anati inde. Nanga unavomera bwanji? Anayankha kuti ankaganiza kuti mwina pali chimene akuluwo akudziwa chimene iye sakuchidziwa.

Anamuwonjezera magawo ena, anamulezera mtima, koma chinthucho chinali chitazika mizu. Akaona liwiro likutsika potera, ankayamba ndi "pepani Kaputeni, mwina, ngati n'kotheka", pamene chofunika ndi kunena "speed" kamodzi, mokweza. Pofika pomaliza chiganizo chake chaulemu ndege inali itatsika kale mamita ambiri. Mayeso omaliza sanadutse. Ndinamuperekeza kukakwera basi ya ku eyapoti, atanyamula mabuku ake odzaza ndi mizere yofiira ndi yobiriwira, ndipo anabwerera kwawo ndi ngongole ya maphunziro amene sanawamalize. Munthu ameneyo ankaidziwa ndege kuposa ine. Mpaka lero nkhaniyi imandipweteka, ndipo gawo lina la mlandu ndimaliika pa mphunzitsi woyamba uja amene anamutseka pakamwa sabata yoyamba yomwe.

Zimene bambo wachikulire uja anachita sanazipeke. Pa 8 January 1989, Boeing 737-400 ya British Midland inanyamuka ku London kupita ku Belfast. Injini ya kumanzere inathyoka m'kati, oyendetsa n'kuzimitsa ya kumanja. Kumbuyo, anthu okwera ndi ena ogwira ntchito m'ndegemo ankaona malawi akutuluka kumanzere, ndipo kaputeni atalengeza kuti wazimitsa ya kumanja, uthenga wakuti moto uli kumanzere sunafike kutsogolo. Ankaganiza kuti oyendetsa akudziwa. Ndegeyo inagwera m'mbali mwa msewu wa M1 pafupi ndi mudzi wa Kegworth, anthu 47 n'kufa. Maganizo omwe aja a mnzanga: mwina akuluwo akudziwa.

Tsono pano ndilankhule mosapsatira. Ife timalera ana kuti wamkulu satsutsidwa. Mwana wabwino ndi wogwada polankhula, woyang'ana pansi, wodikira kuti afunsidwe. Kusukulu wofunsa kwambiri amatchedwa wodzionetsera, kuntchito wokonza bwana wake pagulu amatchedwa wamwano. Ulemu sindidana nawo, ana anga ndimawaphunzitsa, ndipo kaputeni wako udzamupatse moni monga wamkulu, udzamumvere, chifukwa lamulo limaika ndege m'manja mwake. Koma mpando wa kumanja sanauike kuti pakhale munthu wovomereza. Anauika chifukwa kaputeni ndi munthu, amatopa, amaiwala, khutu limamunamiza mu mdima, ndipo pafunika wina amene aone n'kunena nthawi yomweyo. Malipiro ako onse a first officer ndi a zimenezo. Makolo athu omwe anatisiyira ulemuwo ndi omwenso anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ife tinasankha kusunga mbali imodzi yokha.

Usaganize kuti ndi matenda a ife tokha. Pa 27 March 1977 ku Tenerife, ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinawombana pa runway m'chifunga, anthu 583 n'kufa. Kaputeni wa KLM anali mkulu wa aphunzitsi pakampani yake. Injiniya wa m'ndegemo anafunsa ngati Pan Am yapatuka kale, kaputeni anayankha motsindika kuti inde, ndipo palibe anabwerezanso. Mu December 1978 ku Portland, DC-8 ya United Airlines inazungulira pafupifupi ola lathunthu oyendetsa akulimbana ndi vuto la matayala, mpaka mafuta anatha. Anzake a kaputeni ankaona mafuta akuchepa, anatchulako, koma osati mwamphamvu moti amve. Anthu 10 anafa. Ngozi zimenezi ndi zimene zinabala phunziro la CRM, la mmene oyendetsa ayenera kulankhulirana ndi kugwirira ntchito limodzi, limene udzalipeze pa ndandanda yako. Anyamata ambiri amalitenga ngati tsiku lopuma pakati pa maphunziro enieni. Ine ndikuti ndilo phunziro lenileni, ndipo kwa ife amene tinakula tikugwada ndi lolemera kawiri.

Imene imandisowetsa tulo ndi ya pafupi, ndipo ndi ya ndege yako yomweyo. Usiku wa pa 5 May 2007, Boeing 737-800 ya Kenya Airways inanyamuka ku Douala, ku Cameroon, kupita ku Nairobi, kunja kuli mdima ndi mvula. Kaputeni anali wa zaka 52, wa maola oposa 8,000. First officer anali wa zaka 23, maola ake sanafike 1,000. Kaputeni anaitanitsa autopilot, koma siinalowe, ndipo kwa pafupifupi mphindi yathunthu ndege inkapendekera kumanja pang'onopang'ono popanda woigwira. Pamene chenjezo linalira, kaputeni anali atasokonezeka kuti kumwamba n'kuti, ndipo ndegeyo inagwera m'dambo la mitengo ya m'madzi pafupi ndi mzindawo. Onse 114 anafa. Lipoti la ofufuza linatchulanso za ubale wa awiriwo, wamkulu wolamula kwambiri ndi wamng'ono wosalimba pakamwa. Sindikuweruza mnyamata ameneyo. Anali msinkhu wako, analeredwa ngati iwe ndi ine, ndipo anali atakhala pafupi ndi munthu wa msinkhu wa bambo ake. Ndikamuganizira ndimaona nkhope za anyamata onse amene amakhala kumanja kwanga.

N'chifukwa chake ndilibe chifundo ndi makaputeni okalipa, ngakhale akhale ndi manja abwino chotani. Ndikudziwa kuti ena a msinkhu wanga awerenga izi n'kunena kuti ifenso tinakula choncho ndipo tili bwino. Ayi akuluakulu, sitili bwino, tinangopulumuka. Kaputeni amene wanyoza first officer wake m'mawa pa briefing wadzichotsera yekha maso awiri pa ulendo wonsewo. Mphunzitsi amene amausa moyo wophunzira akafunsa akupanga oyendetsa ovomereza zolakwika, ndipo tsiku lina mmodzi wa iwo adzanyamula ana ake. Munthu wotere sayenera kukhala ndi chilolezo chophunzitsa. Ndimanena izi m'misonkhano, ndipo pano ndazilemba kuti zikhale.

Iweyo ukakumana naye, poti udzakumana naye ndithu, usabwezere ndipo usafote. Lemba funso lako papepala, ulifunse momveka, akayankha monyoza tenga yankholo usiye chinyozocho. Zikapitirira mpaka kukulepheretsa kuphunzira, sukulu yolongosoka imalola kupempha mphunzitsi wina, ndipo kupempha kumeneko kuchitike mayeso asanafike. M'ndege muli mawu afupiafupi amene anapangidwira anthu ngati ife, kuti tisavutike kusankha mawu aulemu: "speed", "bank angle", "go around". Alibe pepani, alibe chonde. Mukamatera ndipo pa mafiti 1,000 m'mitambo ndege siinakhazikike, aliyense wa inu awiri ali ndi ufulu woitanitsa go around, kusiya kutera n'kukweranso m'mwamba, ndipo winayo ayenera kumvera, zokambirana pambuyo. Ukanena osamvedwa, nenanso mokweza. SOP ya kampani yako, ndondomeko yolembedwa ya kayendetsedwe ka ndege, idzakuuza pamene uyenera kunena kuti "I have control". Uyesere mawu amenewa pakamwa, m'chipinda mwako, mokweza ndithu, mpaka lilime lizolowere kuwatulutsa osayamba lapempha chilolezo.

Ndi pawailesi n'chimodzimodzi. Chizungu cha ife Amalawi nthawi zambiri chimadutsa Level 4 imene ICAO, bungwe la dziko lonse loona za ndege, imafuna popanda vuto, koma wolondolera ndege wa ku Johannesburg akathamangitsa mawu madzulo ndege zitachuluka, mnyamata amachita manyazi kunena "say again", n'kubwereza nambala imene akuganiza kuti wamva. Kaputeni aliyense wanzeru amakondwa kumva "say again". Ndipo m'madera ena a mlengalenga wa Africa, kumene wailesi ya pansi siifika bwino, timadzilengeza tokha pa wailesi ya 126.9, kuuza ndege zina kuti tili pati, pa msinkhu wanji, tikulowera kuti. Kumeneko wamanyazi ndi woopsa kwa anthu amene sakumudziwa n'komwe.

Poti ndatchula za banja lonse lija, pali china chimene palibe sukulu idzakuuze. Zikangomveka kuti walembedwa ntchito ya ndege, foni yako siidzapuma. Azakhali akufuna feteleza, msuweni fizi, kumpingo akumanga, achimwene ali ndi ganizo la bizinesi. Palibe woipa pamenepo, ambiri mwa iwo ndi amene anasonkha kuti ufike apa. Koma sadziwa kuti pa nthawi ya maphunziro munthu amalandira pang'ono, kuti kampani zambiri zimakumanga ndi bondi ya zaka zingapo kuti zibweze mtengo wa type rating, ndiponso kuti ntchitoyo siinakhale yako mpaka utadutsa line check, mayeso omaliza a pa ulendo weniweni. Ukhale nawo pansi usananyamuke, uwafotokozere. Usankhe munthu mmodzi, amayi kapena mkazi wako ngati uli pabanja, kuti nkhani zonse zizidzera kwa iye, ndipo iye azikuuza za matenda aakulu ndi maliro basi. Munthu sangalowe mu simuleta 2 koloko usiku mutu uli pa mkangano wa malire a munda. Chithunzi cha yunifolomu pa Facebook nachonso chidikire. Ndaona anyamata akuchitumiza sabata yoyamba, anthu mazana n'kuyamikira, kenako gawo limodzi likavuta sangathenso kuuza aliyense, chifukwa dziko lonse likuwatcha kale Kaputeni.

Bondiyo uiwerenge mzere uliwonse, ndipo apanso ufunse. Ukalephera amalipira ndani? Ndalamayo imachepa mwezi ndi mwezi kapena imakhala yomweyo mpaka tsiku lomaliza? Yalembedwa m'madola kapena m'makwacha? Amene anali ndi ngongole ya madola pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 angakuuze kuti funso limenelo si laling'ono.

Ena adzakunong'oneza kuti maola ako ndi ochepa, kuti sunakhwime. Ku America, itachitika ngozi ya ndege ya Q400 ya Colgan Air pafupi ndi Buffalo mu February 2009, imene inapha anthu 50, anakhwimitsa lamulo kuti first officer azikhala ndi maola 1,500. Ku Ulaya ndi kuno ku Africa kampani zimalembabe a maola 200 ndi pang'ono, n'kuwaphunzitsa zokha. Anthu amakangana za izi mpaka lero. Ine maganizo anga ndi akuti maola ndi abwino koma sapereka nzeru okha, ndipo oyendetsa onse awiri a Colgan anali ndi maola oposa 1,500. Ndaulukapo ndi a maola ochepa amene ndingawasiyire ndege mtima uli m'malo, ndaulukanso ndi a zikwi zambiri amene anasiya kuphunzira kalekale. Chimene chidzakudzidzimutse ndi liwiro. Cessna 172 imayenda mamailosi awiri pa mphindi, pamene 737 ili m'mwamba imadya oposa asanu ndi awiri. Zili ngati munthu wozolowera kabaza amukhazika pa chiwongolero cha basi yothamanga usiku: msewu ndi womwewo, koma ngodya ikufika asanaiganizire. Mankhwala ake ndi masamu a pamutu. Kutsika kumafuna mamailosi 3 pa mafiti 1,000 alionse, ndiye ngati muli pa 37,000 uyambe kuganiza zotsika mamailosi oposa 110 musanafike, kuwonjezerapo ochepetsera liwiro. Potera pa njira ya madigiri 3, chulukitsa liwiro la pansi ndi 5: manoti 140 akupatsa mafiti 700 pa mphindi. Zimenezi uzitha kuchita wina akukulankhula.

Ndipo mabwalo athu ndi okwera. Kamuzu ku Lumbadzi ili pa mafiti pafupifupi 4,000, OR Tambo ku Johannesburg kupitirira 5,500, Bole ku Addis Ababa kupitirira 7,600. Kukatentha ngati mu Okotobala mpweya umapepuka, injini zimapereka mphamvu yochepa, ndege imafuna msewu wautali kuti inyamuke. Phunziro la performance, lowerengera zimenezi, limene anzako adzaodzere m'kalasi, iwe udzalidya tsiku lililonse. Mvula ikayamba, mitambo ya mabingu imaima pa Chileka ndi mapiri ozungulira masana alionse, ndipo radar ya nyengo imasanduka buku lina loti uliphunzire pa line training, maphunziro a pa maulendo enieni. Koma izo n'zam'tsogolo.

Za mabuku a mnzakoyo

Usaloweze SOP ya kampani ina. Ndege ndi yomweyo, koma kampani iliyonse ili ndi mawu ake oitanira, dongosolo lake la amene agwira chiyani ndi nthawi yanji. Chimene waloweza molakwika chimatuluka chokha belu likalira, ndipo kuchizula n'kovuta kuposa kuphunzira chatsopano. Ngakhale manambala ena a limitations, malire amene ndege siyenera kupitirira, amasiyana malinga ndi injini ndi zida zimene kampani inasankha. Gawo lofotokoza ziwalo za ndege ungaliwerenge, koma mongodutsa, kuti udziwe kuti 737-800 ili ndi hydraulics A, B ndi standby, kuti magetsi amachokera kuti, mafuta amayenda bwanji. Zakuya adzakuphunzitsa, ndiyo ntchito ya ground school. Palibe amayembekeza kuti ufike ukudziwa kale, ndipo amene amafika akuonetsa kuti akudziwa ndi amene aphunzitsi amavutika nawo.

Lembera dipatimenti ya maphunziro ya kampani yako mawa lomwe, uwafunse zimene akufuna kuti ukonzekere ndi tsiku limene akutumizire mabuku awo. Limenelo likhale funso lako loyamba.

Masabata atsalawa

Mabuku enieni akafika, yamba ndi limitations ndi memory items, chifukwa zimenezo zimafunika pamtima, mawu ndi mawu. Peza chithunzi chachikulu cha cockpit, uchimate pakhoma, ukhale pampando kutsogolo kwake, uzitambasula dzanja kukhudza batani lililonse motsatira flow, dongosolo la kagwiridwe ka mabatani, uku ukutchula mokweza. Bwereza za IFR, kuuluka modalira zida, zimene zachita dzimbiri: holding (kuzungulira podikira), ILS (chida cholondolera potera), kuwerenga METAR ndi TAF (malipoti a nyengo), mapu a Jeppesen kapena amene kampani yako imagwiritsa ntchito. Ngati papita nthawi usanauluke, ola limodzi kapena awiri mu simuleta yaing'ono ndi mphunzitsi zikubwezera maso pa zida. Onetsetsa kuti Class 1 medical siitha uli pakati pa maphunziro, pasipoti ili ndi masamba, chitupa cha yellow fever chilipo, ndipo maola a m'logbook awonkhetsedwa bwino n'kusainidwa. Yamba kugona mokwanira panopa.

Ukadutsa mayeso a simuleta kudzabwera base training, kunyamuka ndi kutera ndege yeniyeni yopanda anthu, kenako line training ndi kaputeni wophunzitsa, anthu ali kumbuyo, mpaka line check. Kuchokera pamenepo simuleta izikuitana miyezi isanu ndi umodzi iliyonse mpaka kupuma pantchito.

Mnzako amene akupatse, umugwire dzanja tsiku loyamba. Muzidya limodzi, muziyeseza limodzi pa chithunzi chija, ndipo mugwirizane kuti aliyense akaona cholakwika cha mnzake anene pomwepo popanda kukwiyirana. Ukaona kuti ndi wamanyazi, uzifunsa mafunso ake m'malo mwake mpaka azolowere. Ukamaliza ground school undilembere, undiuze kuti simuleta akupatsa nthawi yanji ndiponso mphunzitsi wako ndi wotani, tidzakambirane za injini kufa pa V1, liwiro limene ukalipitirira ponyamuka sungaimenso.